Kabokosi ka Hendrix: phokoso silivuta, chovuta ndi liwu lachiwiri

Pa 3 February 1967, mu situdiyo ya Olympic mumzinda wa London, Jimi Hendrix analumikiza gitala yake ku kabokosi komwe sikankapezeka m'sitolo iliyonse. Anakapanga ndi mnyamata wa ku England, Roger Mayer, yemwe ankagwira ntchito yofufuza za kayendedwe ka mawu ku labotale ya asilikali a pamadzi ku Teddington. Tsiku limenelo anajambula zigawo zomwe gitala imalira yokha m'nyimbo za "Purple Haze" ndi "Fire". Mukatchera khutu, pamwamba pa liwu la nsambo mumva liwu lina lopyapyala, lakuthwa, lomwe chala cha Hendrix sichinalikhudze. Mayer anakatcha kabokosiko Octavia.

Lero zipangizo zamtunduwu zimatchedwa octave fuzz, ndipo anthu ambiri okonda gitala amadzipangira okha pathebulo kunyumba. Zida zake n'zochepa, pulani yake imakwana pa kapepala kamodzi. Koma ambiri akamaliza kuwotcherera n'kuponda switchi, amapeza theka la zomwe ankafuna: gitala ikukalipa bwinobwino, liwu lachiwiri lija kulibe.

Kukalipako ndiye fuzz, ndipo sikuvuta. Nsambo ikanjenjemera, kachida komva nsambo kotchedwa pickup kamatulutsa timagetsi tokwera ndi kutsika ngati mafunde. Mukatikweza mopyola muyeso ndi ma transistor awiri kapena atatu, nsonga za mafundewo zimadulidwa, mawu n'kusasa. Abale athu a ku Zambia amawadziwa bwino mawu amenewa: m'ma 1970 magulu a Zamrock monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi anadzaza zimbale zawo ndi fuzz. Ngakhale dera lamagetsi lolakwika pang'ono limatha kukalipa, n'chifukwa chake wopanga amanyengeka msanga kuti ntchito yatheka.

Octave ndi nkhani ina. A kwaya amaidziwa: ndi mtunda wochoka pa do wapansi kufika pa do wapamwamba. M'manambala, ndi kunjenjemera kowirikiza kawiri. Nsambo yachisanu ya gitala, ya A, imanjenjemera ka 110 pa sekondi. Octave yake ndi 220. Kuti kabokosi katulutse zimenezi, kamagawa mafunde aja panjira ziwiri zotsutsana, ina ikamakwera inzake ikutsika. Panjira iliyonse pali diode yomwe imalola theka lokwera lokha kudutsa. Matheka awiriwo akakumana, pamene panali nsonga imodzi pamakhala ziwiri.

Zili ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi. Aliyense akusinja paliwiro lake la masiku onse, koma chifukwa misi ikugwa mosinthana, wodutsa panjira amamva kugunda kowirikiza. Mmodzi akatopa, musi wake n'kumagwa mofooka, khutu limabwerera ku kugunda kwa mnzake yekhayo. Pafupifupi vuto lililonse la octave yosowa limagona pamenepo: mbali ina yalemera kuposa inzake.

Njira zogawira mafunde zilipo ziwiri zodziwika. Yoyamba ndi ya kathiransifoma kakang'ono kokhala ndi waya wapakati, monga mu Tycobrahe Octavia, yomwe kampani ina ya ku California inkagulitsa m'ma 1970 potengera kabokosi ka Mayer. Opanga ambiri lero amaikamo kotchedwa 42TM022. Yachiwiri ndi ya transistor imodzi yotulutsa mafunde otsutsana pamiyendo yake iwiri, collector ndi emitter. Umu ndi momwe imagwirira Green Ringer ya Dan Armstrong, yomwe ili ndi ma transistor atatu, ma diode awiri, yopanda ngakhale kopotokola kamodzi. Univox Super-Fuzz ya ku Japan, yomwe Pete Townshend wa The Who ankaponda m'nyengo ya chimbale cha Live at Leeds cha 1970, imapereka ntchito ya ma diode ija kwa ma transistor awiri. Kwa woyamba kumene, Green Ringer ndiyo yabwino kuyambira. Payokha siikalipa kwambiri, imafuna fuzz ina patsogolo pake, koma imaphunzitsa mutu wa nkhani popanda zosokoneza.

Amene ali kutali ndi masitolo a zida zoterezi asataye mtima msanga. Mawailesi ambiri akale a mabatire, aja aunjikidwa kuseri kwa benchi ya okonza mawailesi pamsika, ali ndi tithiransifoma tating'ono ta waya wapakati pafupi ndi sipika, komanso diode ya germanium yokutidwa ndi galasi. Sizingafanane ndendende ndi za papulani, koma kuyesa sikulipitsa.

Misampha yoyamba imatcheredwa musanayatse n'komwe chitsulo chowotcherera. Transistor ya 2N3904 ndi ya BC547 zimaoneka ngati mapasa ndipo zimagwira ntchito yofanana, koma miyendo yake ndi yotembenuka: mukayang'ana mbali yafulati, yoyambayo imayamba ndi emitter, inayo imayamba ndi collector. Mukaiika chagada, nthawi zina imalirabe, monyentchera, n'kukusokonezani mutu sabata yathunthu. Msampha wina ndi wa Tycobrahe yoyambirira, yomwe ma transistor ake ndi a PNP ndipo mbali ya pulasi ya batire ndiyo imapita ku ground. Mukaigawira adaputala imodzi ndi timabokosi tina tamasiku ano, mwagundanitsa magetsi. Ipatseni batire yakeyake ya 9V, kapena tsatirani pulani yomwe inasinthidwa kale.

Tsono tinene kuti mwamaliza, mwaponda, kuli zii. Musayambe kuzula zida. Tengani mita muyeze batire kaye, kenako muone ngati magetsi akufika pabolodi. Yezani miyendo ya transistor iliyonse: pa ya silicon yomwe ikugwira ntchito, base ndi emitter zimasiyana ndi pafupifupi 0.6V. Mukapeza collector yakhala pa 9V yonse kapena pa ziro pamene pulani siinailumikize mwachindunji kumeneko, pamenepo pali mlandu. Kawirikawiri wolakwa si chida koma mtovu: mfundo yosagwira bwino, yotuwa, kapena kadontho kolumikiza mizere iwiri ya bolodi la veroboard. Kudutsitsa nsonga ya mpeni pakati pa mizere kumachiza mabolodi ambiri kuposa kugula transistor yatsopano.

Chida chothandiza kwambiri mumachipanga nokha. Tengani chingwe chakale cha gitala, dulani mutu umodzi, waya wakunja mumange ku ground, wapakati muulumikize ku capacitor ya 100nF. Mwendo wotsala wa capacitor ndiwo khutu lanu. Mutu winawo upite ku ampu, voliyumu ili pansi. Mnzanu azikhwatcha nsambo, inu muzigusa malo amodziamodzi kuyambira polowera mawu. Pamene mawu afera ndi pamene muyenera kukumba.

Chingwe chomwechi ndicho chimaweruza mlandu wa octave yosowa. Gusani kutsogolo kwa diode yoyamba, kenako kwa yachiwiri. Mawu ayenera kumveka ndi mphamvu yofanana. Ngati mbali ina ili chete, mwina waya wina wa thiransifoma sunagwire, kapena mwasokoneza wapakati ndi wam'mbali. Pa Green Ringer, ma resistor a pa collector ndi emitter ya transistor yogawa ija ayenera kulingana. Ayezeni ndi mita, musakhulupirire mikanda ya mitundu yokha, poti usiku kufiira ndi kufiirira sikusiyana. Ngati mbali zonse zikulira, onani ma diode. Onse ayenera kuloza kumodzi. Imodzi ikatembenuka, mafunde sapindidwa monga mwa pulani, ndipo liwu lapamwamba limazimirira.

Ma diode enieniwo ayenera kusankhidwa ngati awiri oyenda limodzi. Ya germanium monga 1N34A imatseguka pa 0.3V kapena kucheperapo, ya silicon monga 1N4148 imadikira mpaka cha pa 0.6V. Mukasakaniza, mwalemetsa mbali imodzi. Mukaika a silicon onse awiri pamene pulani ikufuna germanium, mawu amadukaduka, nsambo isanatope kulira kabokosi kakhala kale chete. Ena amakukonda kudukadukako, ndipo si tchimo. Koma ngati simukufuna, yezani ma diode angapo ndi mita, musankhe awiri oyandikana manambala. A germanium sachedwa kupsa ndi kutentha ndipo galasi lake limasweka mukapinda mwendo pafupi kwambiri, choncho ndi nzeru kuika timasoketi pabolodi m'malo mowawotcherera mwachindunji.

Kulira kwa "tswiii" kosalekeza, kapena kumva wailesi ikulankhula mu ampu, nthawi zambiri ndi nkhani ya mawaya. Wolowetsa mawu ndi wotulutsa asagonerane, akhale aafupi, ndipo bokosi likhale lachitsulo lolumikizidwa ku ground. Chitini cha pulasitiki n'chotchipa, koma chimalowetsa phokoso lililonse la m'nyumba.

Pali mabokosi ambiri omwe anaphwasulidwa popanda mlandu. Octave fuzz yopangidwa bwino kwambiri imabisabe liwu lake ngati mukuimba pansi pa khosi la gitala ndi pickup ya kumbuyo. Nsambo payokha ili ndi timawu tambiri tapamwamba, ndipo mafunde ake si osalala. Kabokosi kakawapinda, zotuluka zake ndi chipwirikiti. Sankhani pickup ya kukhosi, tsitsani tone, imbani nsambo imodziimodzi kuyambira cha pa fret 12 kupita m'mwamba, osakhwatcha mwaukali. Musanatsegule bokosi ndi sikuludiraiva, yesani zimenezi kaye.

Nanga mukakhwatcha nsambo zingapo pamodzi n'kumva ngati zitsulo zikukangana? Pamenepo palibe chokonza. Mawu awiri akalowa limodzi, dera lopinda mafunde limatulutsanso kuphatikiza kwake ndi kusiyana kwake. A wa 440 ndi E wa 659 amasiyana ndi 219, pafupi kwenikweni ndi A wapansi wa 220, n'chifukwa chake nsambo ziwiri zotere zimamveka zonenepa ndi zogwirizana. Koma A yemweyo ndi C# wa 554 amasiyana ndi 114, liwu logwera pakati pa A ndi A#, lomwe palibe fret iliyonse ya gitala imene ili nalo. Mungasinthe ma diode onse a m'kabati, 114 ameneyo sachoka.