Nyali Yoyera Kutsogolo, Yofiira Kumbuyo: Za Njinga Zoyenda Usiku pa Migowi

MIGOWI, Phalombe. Munthu woima pamsika wa Migowi dzuwa litapendeka adzaona kuti chonyamulira chachikulu cha anthu a dera lino si galimoto ayi, koma njinga yakapalasa. Ina yasenza matumba a nandolo, ina dengu la matemba a ku nyanja ya Chilwa, ina mayi wobereka mwana amene akubwerera kwawo kuchokera ku chipatala. Zina mwa njingazi zikuloza ku Chiringa, zina ku Phalombe kunsi kwa phiri la Michesi, ndipo zambiri mdima udzazipeza zikali panjira. Koma woima pamsikayo akaziyang'ana bwino adzapeza kuti zokhala ndi nyali kutsogolo ndi zowerengeka, ndipo zokhala ndi nyali yofiira kumbuyo ndi zowerengeka koposa.

Mdima wa kuno suchedwa monga uchedwera ku maiko a ku Ulaya. M'mwezi wa June dzuwa limalowa cha m'ma 5:15 madzulo, ndipo pofika 6 koloko kwada kale. Ngakhale mu December, pamene masiku atalika, limalowa 6 koloko itangopitirira pang'ono. Chisisira sichikwana theka la ola. Pa zimenezi onjezanipo chiperoni cha mu June ndi July, chimene chimaphimba msewu ndi nkhungu ndi mvula yowaza. Motero munthu wochoka pamsika ali ndi chikhulupiriro chakuti akafika kwawo kukali kowala kawirikawiri amadzinamiza yekha.

Kale nkhani imeneyi inali yaing'ono, pakuti misewu inali yafumbi ndi yokumbika, ndipo galimoto inkayenda mwaulemu chifukwa choopa maenje. Zinthu zinasintha. Phalombe, amene anapatulidwa ku Mulanje ndi kukhala boma palokha m'chaka cha 1998, anapezeka ndi anthu oposa 429,000 pa kalembera wa 2018. Boma linathira phula pa msewu wochokera ku Zomba kudzera ku Jali ndi Phalombe mpaka ku Chitakale, ndipo m'chaka cha 2022 linatsegula pa Migowi chipatala chachikulu cha John Chilembwe. Zonsezi ndi zabwino ndithu. Komatu msewu wosalala umaitana liwiro, ndipo chipatala chimaitana apaulendo a usiku, pakuti matenda ndi uchembere sizidikira kuti kuche.

Owerenga aganizire masamu ochepa awa. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi iliyonse. Buku la malamulo a pamsewu la ku Britain limawerengera kuti pa liwiro limeneli woyendetsa afunika mamita 53 kuti aone choopsa, aponde buleki, galimoto iime, ndipo pamenepo ndi pa msewu wouma, dalaivala ali maso. Tsono usiku dalaivala akachepetsa nyali zake chifukwa cha galimoto ina yobwera kutsogolo, iyenso atathobwa m'maso, njinga yakuda yokweredwa ndi munthu wovala jekete lakuda imaoneka atayandikira kale kuposa mamita amenewo. Pamenepo buleki sathandizanso. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linalengeza m'chaka cha 2023 kuti anthu okwana 1.19 miliyoni amafa pa misewu chaka chilichonse, ndi kuti oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi okwera njinga zamoto.

Nyali ziwiri za njinga zili ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Yakutsogolo ndi yakuti wokwera aone njira, ndiponso kuti obwera kutsogolo amuone. Yakumbuyo siunikira kanthu kwa mwini wake, ndi chifukwa chake amaiyesa yosafunika; koma ndiyo yokha imene imalankhula ndi galimoto yomulondola. Choopsa chochokera kutsogolo munthu amachiona, nkupatukira kutchire. Chochokera kumbuyo amangochimva chitafika. Kotero munthu amene ndalama zake zikwanira nyali imodzi yokha, ndipo ulendo wake uli wa pa phula, achita bwino kuyamba ndi yofiira, nkumangirira tochi ya m'nyumba pa handulo kufikira atapeza ina. Woyenda m'tinjira ta kumudzi, m'mene mdani wake ali chitsa, dzenje ndi njinga inzake yopanda nyali, ayambe ndi yoyera.

Mitundu ya nyalizi si nkhani ya kukongola. Pangano la maiko la za misewu limene linachitikira ku Geneva m'chaka cha 1949, ndi linzake la ku Vienna la 1968, onse awiri anaika kuti njinga ionetse kuwala koyera kapena kwachikasu kutsogolo, ndi kofiira kumbuyo. Dalaivala aliyense anaphunzira kuti chofiira chikupita kumene iye akupita, choyera chikubwera. Wokwera njinga akaika nyali yoyera kumbuyo, dalaivala amayesa kuti chinachake chikudza kudzamuomba ku mbali yake ya kumanzere, ndipo akhoza kukhotera kolakwika. Tinyali tobiriwira ndi tamitundumitundu timene anyamata amakonda kukometsera njinga tingakome m'maso pa ukwati, koma pamsewu sitiuza munthu kanthu.

Akuluakulu amene anakwera njinga za Humber ndi Raleigh adzakumbukira dayinamo, kabotolo kachitsulo kokhuza tayala, kamene kankalira ngati njuchi munthu akamapalasa. Mphamvu yake inali mavoti 6 ndi mawati 3, yogawidwa kwa babu lakutsogolo ndi kababu kakumbuyo. Ubwino wake unali woti sinkapempha batire. Koma inali ndi zilema: munthu akaima nyali inkazima, akamakwera chitunda inkangoti ziii ngati khala, ndipo m'matope a dzinja kagudumu kake kankaterereka pa tayala. Kampani ya Sturmey-Archer ya ku Nottingham inakonza zina mwa zilemazi m'chaka cha 1936 poika dayinamo m'kati mwa habu, momwe madzi ndi matope safika, koma mtengo wake sunali wa munthu wamba.

Chimene chinasintha zonse ndi kanyali kotchedwa LED. Kofiira kanapangidwa ndi Nick Holonyak ku America m'chaka cha 1962. Koyera kanadikira mpaka zaka za m'ma 1990, pamene akatswiri atatu a ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, anapeza njira yopangira kuwala kobiriwira ngati mtambo. Ntchito imeneyi inawapatsa mphotho ya Nobel m'chaka cha 2014. Kanyali kotere kamawala kuposa babu lakale pamene kakudya moto wochepa kwambiri, ndipo sikaphulika ndi mabampu.

Funso loyamba kwa wogula lero si lakuti nyali iwala bwanji, koma lakuti moto wake adzautenga kuti. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa nyumba 100 zilizonse m'dziko muno, pafupifupi 11 zokha ndizo zinkaunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi zinali zochepa koposa. Wokhala pafupi ndi Migowi, kapena amene ali ndi kasola pa denga, nyali yotchaja ndi chingwe cha foni imuyenera, pakuti m'miyezi yochepa imabweza ndalama zimene akanaonongera mabatire. Wokhala kutali asankhe yolowa mabatire ang'onoang'ono a mtundu wa AA kapena AAA, amene amapezeka m'okala. Apewe tinyali tolowa mabatire ozungulira ngati batani la malaya. Timatsika mtengo pogula, koma batire likatha kanyali kathanso.

Manambala a kuwala olembedwa pa mapaketi asakhulupiriridwe msanga, pakuti ambiri ndi okokomeza. Yeso labwino ndi la mapazi. Njinga yoyenda makilomita 15 pa ola imadya mamita 4 pa sekondi, ndipo yolemedwa ndi matumba siima msanga. Choncho nyali yoyenera ndi imene ionetsa mwala kapena dzenje pa mapazi 20, ndi kuwalitsanso m'mbali mwa msewu mmene mumatulukira mbuzi ndi ana. Iweramitsidwe kuti kuwala kugwe pansi. Ku Germany lamulo limafuna kuti nyali ya njinga idule kuwala kwake pamwamba monga ichitira ya galimoto, pofuna kuti isathobwe obwera kutsogolo. Tochi yovala pamutu imathandiza pokhota ndi pomata tayala, koma mwini wake akangoyang'ana mnzake kumaso amamuthobwa. Za foni yogwira m'dzanja kapena yoluma kukamwa, kungoti dzanja limenelo linayenera kukhala pa buleki.

Pa nyali yakumbuyo, malo oikapo ndi ofunika kuposa mtengo wake. Zambiri zimagulitsidwa ndi kalamba komangira pa chitsulo cha pansi pa chishalo, pakuti anazipangira anthu a ku maiko kumene njinga sinyamula katundu. Kuno malo amenewo amabisika ndi thumba la chimanga, dengu la nsomba, kapena chitenje cha mayi wokwera kabaza. Nyali iyenera kumangidwa kumapeto kwenikweni kwa kaliyala, kunsi kwa katundu, yoloza molunjika kumbuyo, ndipo ndi bwino kuimanga ndi bawuti kuti isayende ndi akuba pamsika. Yophethira imasunga batire ndi kukopa diso, koma mu mdima wandiweyani dalaivala amavutika kuyesa kutalika kwake. Maiko sagwirizana pa ichi: Germany amaletsa yophethira pa njinga, pamene Britain anailola m'chaka cha 2005. Pa msewu wopanda magetsi monga wa ku Chiringa, yoyaka mosalekeza ndiyo yodalirika.

Zonyezimira zisanyozedwe, makamaka zachikasu za pa mapedulo, pakuti kukwera ndi kutsika kwake kumauza dalaivala ali patali kuti pali munthu akupalasa. Koma izo zimangobweza kuwala kumene zalandira. Kwa ngolo ya ng'ombe kapena njinga yamoto yakufa nyali, zilibe mawu. M'dzinja matope a m'madambo a Phalombe amazimata tsiku limodzi lokha, ndipo zifunika kupukutidwa pamodzi ndi galasi la nyali.

Pali khalidwe limodzi la nyali zotchaja limene ogula nsomba ayenera kulidziwa. Tochi yakale inkachenjeza mwa kufiira pang'onopang'ono, koma zambiri za masiku ano zimawala bwino mpaka moto utatsala pang'ono, kenaka nkuzima mwadzidzidzi. Munthu wonyamuka tambala woyamba kupita ku doko la Swang'oma ali ndi maola awiri kapena atatu a mdima kutsogolo kwake. Ayese nyali yake kunyumba, aiyatse pa mphamvu yapakati, aone pa wotchi kuti ifika maola angati.