Musanagule pikapu yakale, yezani kompuleshoni

Alimi anzanga, nyengo yogulitsa mbewu ikafika ambiri a ife timayamba kulota galimoto. Munthu amatopa ndi kulipira hayala kuti mabelo ake akafike ku okushoni ku Kanengo, kapena kuti tomato akafike kumsika asanavunde. Inenso ndinalota chimodzimodzi, ndipo chaka china nditagulitsa fodya ndinagula pikapu yakale ya petulo kwa bambo wina ku Kawale. Penti inali kuwala, matayala abwinobwino. Koma patangotha milungu itatu, itanyamula matumba 15 a chimanga kuchokera ku Mitundu, inayamba kulephera zitunda, utsi wabuluu uli tolotolo kumbuyo. Paja akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinapita nayo ku Biwi, kumene kuli magalaja ambiri. Makaniko wina wachikulire sanafulumire kumasula injini. Anangoti, "Bambo, tiyambe taona kompuleshoni." Zimene anandiphunzitsa tsiku limenelo ndi zimene ndafuna tigawane mlungu uno.

Kodi kompuleshoni n'chiyani? Mu injini muli mabowo otchedwa masilinda, ndipo mapikapu ambiri ali nawo anayi. M'bowo lililonse muli pisitoni imene imakwera ndi kutsika ngati munsi mu mtondo. Ikamakwera imapanikiza mpweya wosakanikirana ndi petulo, kenaka pulagi n'kuyatsa moto. Kupanikiza kumeneku ndiye kompuleshoni. Taganizirani pampu ya njinga: chikopa chake chikatha, mungapope mpaka thukuta koma tayala silikhuta. Injininso mpweya ukamathawa, mphamvu palibe. Malo othawira ndi atatu: maring'i a pisitoni, mavalavu, ndi gasiketi ya pakati pa mutu ndi thunthu la injini.

Choyezera chake ndi geji yooneka ngati wotchi, yokhala ndi paipi yomangira pa bowo la pulagi. Amakaniko ambiri ali nayo, ndipo ntchitoyi siitha ola limodzi. Choyamba lizani galimoto mpaka injini itenthe, kenaka muzimitse. Isakhale m'giya, handibuleki ikokedwe, ndipo batire ikhale yamphamvu, chifukwa yofooka imanamiza geji. Chotsani mawaya opereka magetsi ku koyilo kuti moto usathetheke. Pa galimoto za makono chotsaninso fyuzi ya pampu ya mafuta. Pukutani fumbi mozungulira mapulagi, muwamasule onse, ndipo ikani chizindikiro pa mawaya ake kuti musawasokoneze pobwezera.

Tsopano mangani geji pa silinda yoyamba. Mnzanu aponde moto mpaka pansi ndi kupotokola kiyi kwa masekondi asanu, kufikira muvi wa geji utasiya kukwera. Lembani nambalayo papepala. Tulutsani mpweya mu geji, ndipo chitani chimodzimodzi pa masilinda onse.

Injini ya petulo yathanzi kawirikawiri imaonetsa pakati pa 120 ndi 180 psi. Ikatsika pansi pa 100, yatopa. Dziwaninso kuti Lilongwe ali pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho mpweya wa kuno ndi wopepukirapo ndipo geji imatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 poyerekeza ndi za m'buku la galimotoyo. N'chifukwa chake chachikulu ndi kufanana kwa masilinda: yapamwamba ndi yapansi zisasiyane kupitirira gawo limodzi mwa magawo 10.

Pikapu yanga inaonetsa 140, 138, 85 ndi 142. Wodwala anali silinda yachitatu. Pofuna kudziwa nthenda yake, makaniko uja anathira supuni yaing'ono imodzi ya oilo pa bowo la pulagi ndi kuyezanso. Muvi unakwera kufika 130. Oiloyo anatseka mpata kwa kanthawi, kusonyeza kuti maring'i ndiwo anatha. Muvi ukanapanda kusuntha, tikanaloza mavalavu kapena gasiketi. Masilinda awiri oyandikana akatsika pamodzi, kawirikawiri gasiketi ndiyo yapsa pakati pawo, makamaka ngati madzi akutha mu redieta kapena oilo wasanduka ngati tiyi wamkaka.

Kudziwa izi kumapulumutsa ndalama. Za mavalavu ndi gasiketi amangochotsa mutu wa injini, pamene maring'i amafuna kumasula mpaka mapisitoni, ndipo mtengo wake ndi wina. Ine ndalama zimene ndinasungira feteleza zinathera pa injiniyo, mpaka chaka chimenecho ndinachepetsa munda wa fodya. Ndikanayeza ndisanalipire, ndikanatsitsa mtengo kapena kuisiya kumene.

Inu a mapikapu a dizilo, mathirakitala ndi zigayo, chenjerani. Dizilo amayaka ndi kutentha kwa kupanikizako, osati ndi pulagi, choncho kompuleshoni yake ndi yaikulu, kawirikawiri kupitirira 300 psi. Geji ya petulo ingathe kuphulika. Pamafunika geji yake, yomangira pa bowo la hita kapena la nozo, ndipo musathire oilo m'silinda, chifukwa angathe kuyaka kapena kupinda ndodo ya pisitoni. Ntchitoyi isiyireni odziwa. Chizindikiro chimene mungaone nokha ndi injini yovuta kulira m'mawa koma yolira msanga ikatentha.

Nanga chimadya maring'i n'chiyani? Mdani wamkulu ndi fumbi la m'misewu yathu nthawi ya chilimwe. Likalowa mu injini limapala zitsulo ngati mchenga. Sefa ya mpweya muziiona pafupipafupi, ikang'ambika gulani ina, musayende popanda. Sinthani oilo pa nthawi yake, ndipo injini ikatentha kwambiri imani, musaikakamize kuti mukafike.

Choncho mukapeza galimoto yogulitsa, kaya ku Chinsapo, ku Area 23 kapena ku Area 25, pitani ndi makaniko wanu, osati wa mwini galimoto. Ayeze inu mukuona, ndipo manambala mulembe nokha. Wogulitsa akakana, bwezani ndalama m'thumba. Ng'ombe sitigula tisanaione mano, ndiye galimoto tigulirenji poona penti?