Paipi Ikauma Gwa: Mmene Tingadziwire Matenda a Minibasi Yakale

Mabanja athu ambiri kuno kunyanja timadalira minibasi ndi mavani akale monga Toyota Hiace ndi Nissan Caravan. Ndiwo amatinyamulira usipa kupita ku Limbe ndi ku Lilongwe, ndiwonso amatitengera odwala kuchipatala. Koma m'mwezi wa Okutobala dzuwa likaswa mtengo, n'zosasowa kuona galimoto zotere zitaima pa zitunda za Chowe kapena za Golomoti, madzi akusefukira, nsomba zikuonongeka. Kawirikawiri vuto limakhala puresha yopyola muyeso m'njira za madzi oziziritsa injini.

Choyamba tidziwe kuti puresha payokha si matenda. Madzi amawira pa madigiri 100, koma akatsekeredwa amachedwa kuwira mpaka pafupi madigiri 120. Iyi ndi ntchito ya chitsekerero cha rediyeta. Pamwamba pake pamalembedwa nambala monga 0.9 kapena 1.1, ndipo puresha ikapyola pamenepo, sipuling'i yake imatsegula njira kuti madzi ena apite m'kabotolo ka pambali. Choncho paipi kulimbako pang'ono injini ikatentha n'kwabwino. Koma ikamauma gwa ngati mtengo, kufufuma kapena kuphulika, pali chimene chalakwika.

Tiyambe ndi zotsika mtengo. Tione chitsekerero: kodi labala wake wang'ambika? Kodi nambala yake ndi yoyenera galimoto yathu? Nanga kapaipi kopita kubotolo sikanatsekeke? Kenaka tione thermostat, imene m'galimoto zambiri zotere imatseguka pa madigiri 82. Ngati geji ikukwera, paipi ya pamwamba ikuotcha koma ya pansi ili zii, madzi sakuzungulira: mwina thermostat yakakamira kapena rediyeta yatsekeka ndi dzimbiri ndi mchere wa madzi a pamjigo. Thermostat tingathe kuiyesa pakhomo poiika m'poto wa madzi ali pamoto. Yabwino imatseguka madzi asanawire. Amakaniko ena amangoichotsa n'kuitaya, koma uku n'kubisa matenda, ndipo injini imayamba kudya mafuta ambiri. Tisaiwalenso lamba wa feni, ndi mpweya umene umatsalira m'mapaipi tikathira madzi mothamanga.

Vuto lalikulu ndi gasiketi ya silinda hedi. Ikapsa, kapena hediyo ikachita mng'alu, mpweya wa moto wa m'silinda umalowa m'madzi. M'injini ya dizilo mpweyawu ndi wamphamvu zedi. Kuyesa kwake n'kotere: m'mawa injini ili yozizira, tifinye paipi ya pamwamba, kenaka tilize injini. Ikauma pa mphindi imodzi kapena ziwiri madzi asanatenthe, ndiye kuti puresha ikuchokera m'silinda. Tingathenso kuchotsa chitsekerero injini isanalire, n'kudzaza madzi mpaka pakamwa. Thovu likamatuluka mosalekeza, maka tikaponda mafuta, chizindikiro ndi chomwecho. Zizindikiro zina ndi utsi woyera ku ekizozi umene sukutha, oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, ndi madzi kumangotha popanda pamene akudontha. Ku magalaji ena kuli mankhwala a buluu oyesera mpweya wa pakamwa pa rediyeta: akasanduka achikasu kapena obiriwira, ndiye kuti utsi ukulowadi m'madzi.

Zikatsimikizika, tisalole kuti angosintha gasiketi basi. Hedi iyesedwe ngati sinapindike kapena kung'aluka, ndipo chimene chinatenthetsa injini poyamba chipezeke, apo ayi gasiketi yatsopano nayo ipsa.

Chenjezo lalikulu kwa madalaivala ndi anyamata athu ochita ukondakitala ndi ili: tisatsegule chitsekerero injini ikutentha. Madzi amatumphuka ndi nthunzi n'kuwaula nkhope ndi manja. Mu Hiace yakale injini ili pansi pa mpando, kotero ngozi imafikira ngakhale okwera a kutsogolo, amayi ndi ana. Tisathirenso madzi ozizira m'injini yotentha, pakuti hedi imang'aluka. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: tiime pambali, titsitse anthu, tidikire kufikira paipi itazizira ndi kufewa.

Pomaliza, tizolowere kuona madzi m'mawa uliwonse, ndipo tizithira coolant wosakaniza ndi madzi oyera opanda mchere. Chitsekerero chatsopano n'chotsika mtengo kutalitali poyerekeza ndi silinda hedi, ndipo galimoto ikagona pagalaji mwezi wathunthu, ndi banja lonse limene limagona ndi njala.