Mtengo wa Ana Agalu: Ubweya Usakupusitseni

Ana agalu obadwa tsiku limodzi kwa mayi mmodzi amatha kugulidwa pa mitengo yosiyana. Chimawasiyanitsa ndi ubweya. Ogula amathamangira maonekedwe osowa, ndipo chinthu chikasowa pamsika chimakwera mtengo. Ku Britain, agalu a French Bulldog aubweya wotuwa ngati phulusa, kapena wamawangamawanga wotchedwa merle, amadula kuposa anzawo.

Koma samalani, amalonda anzanga. Mukakweretsa agalu awiri a merle pofuna phindu, pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi amatengera chibadwachi kwa makolo onse awiri, ndipo ambiri otere amabadwa osamva kapena osaona. N'chifukwa chake bungwe la Kennel Club la ku Britain linaleka kulembetsa ana a makolo oterewa mu 2013. Ubweya wotuwa nawo nthawi zina umathothoka galu akamakula.

Kagalu kolumala sikagulika, ndipo kasitomala wokhumudwa sabweranso. Mukamapikula, onani makolo ake, funsani khadi la katemera, kenako ombani m'manja kumbuyo kwa kagaluko muone ngati kakumva. Zonsezi zikakhala bwino, m'pamene muyambe kukambirana za ubweya ndi mtengo.