Dzala silinama: ndalondola jumbo mpaka mu Shire

Inu amalonda, munayamba mwadzifunsapo kuti jumbo lomwe mwaikiramo kasitomala usipa m'mawa limakagona kuti? Ine ndinalilondola sabata yatha kuno kwa Mponda.

Nzeruyi si yanga ayi. Mu 1973 katswiri wina wa ku America, William Rathje, adayamba kuvundukula mabini a anthu mumzinda wa Tucson. Iye ndi ophunzira ake ankasankhula zinyalala, kuziwerenga ndi kuziyeza pasikelo. Anthu akafunsidwa ankatchula mowa wochepa, koma zitini za m'bini zinkawayalutsa! Akatswiri a jogalafe nawo amatenga chinthu chimodzi n'kumachilondola konse chadutsa, monga adachitira Ian Cook ndi papaya mu 2004.

Ndiye ndinayambira padzala la mayi wina wogulitsa nsomba pamsika wa Mangochi, atandiloleza. Mamba ndi matumbo munalibe, zinapita kwa abakha. Makoko a nthochi anadya mbuzi. Botolo ngakhale limodzi osalipeza.

"Achimwene, botolo ndi ndalama, timathiramo thobwa," anatero mayiwo uku akuseka. "Chotaya pano ndi jumbo basi."

Zoonadi, dzala lonse linali majumbo okhaokha, opyapyala aja ong'ambika usanafike nawo pakhomo. Mayiwo amati amagwiritsa ntchito ochepa. Titawerenga limodzi anangogwira pakamwa.

Amene sanaotchedwe mphepo inawaulutsira m'ngalande. Ndinatsika nayo ngalandeyo. Pena yatsekeka, madzi obiriwira ali nji, ana akusewera pambali. Apa mtima unandipweteka pokumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 yomwe idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Mangochi ali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Kumunsi, majumbo ali mbwee m'mabango a Shire, madzi omwe amakathira m'nyanja ya Malombe, kochokera zina mwa nsomba zomwe zili pamabenchi panu.

Paja boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, makampani n'kuthamangira kukhoti, ndipo khoti la Supreme lidagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Koma dzala la mayi aja silinamve za chigamulocho.

Pobwerera ndinaima pa mnyamata wootcha kanyenya. Nditamufotokozera za ulendo wanga sanadabwe n'komwe.

"Bwana, mwavutikiranji? Mukanangobwera mamawa ndikutumbula mbuzi. Majumbo anuwo ndimawapeza m'chifu."