Cipembere wa ku Shiwa Ng'andu

Sir Stewart Gore-Browne anabadwira ku London m'caka ca 1883, m'banja la anthu omveka a ku Mangalande. Atate ace anali odziwa malamulo, ndipo agogo ace anakhalapo Bwanamkubwa wa dziko la New Zealand.

Atatsiriza maphunziro, mnyamatayu analowa usilikali wa mizinga. M'caka ca 1911 anamtuma kuno kukathandiza kupima malire a Northern Rhodesia ndi Congo. Pa ulendo wina anafika pa nyanja ya Shiwa Ng'andu, m'dziko la Abemba, ndipo mtima wace unatsalira pomwepo. Anapita kukamenya Nkhondo Yaikuru Yoyamba, koma m'caka ca 1920 anabweranso, namanga nyumba yaikuru ya njerwa pafupi ndi nyanjayo. Pambuyo pace anamangaponso sukulu ndi cipatala. Anakwatira Lorna Goldman m'caka ca 1927, ndipo anabala ana aakazi awiri.

Munthuyu anali waukali, wosacedwa kukwiya, ndipo nthawi zina anali kumenya anchito ace. Cifukwa cace anthu anamucha Cipembere, nyama ija yothamangira munthu mosacenjeza.

Koma pokhala nao anthuwo zaka zambiri, maganizo ace anasintha. M'caka ca 1935, pamene likulu la boma linacoka ku Livingstone kudza ku Lusaka, iye analowa m'Bungwe la Malamulo. Kuyambira 1938 anali kulankhulira anthu akuda m'bungwemo, popeza masiku amenewo munalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Anathandiza Harry Nkumbula kuti apitirize maphunziro, ndipo atakalamba anagwirizana ndi Kenneth Kaunda pofuna ufulu. Azungu ambiri anamuda cifukwa ca ici, koma iye sanabwerere m'mbuyo. Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, anasanduka mzika ya Zambia.

Anamwalira ku Kasama m'caka ca 1967. Boma linamcitira maliro aulemu, ndipo Kaunda mwini anafika. Manda ace ali pa phiri loyang'ana nyanja ija. Ulemu umenewu sanaulandire cifukwa ca mtundu wa makolo ace, koma cifukwa anaima pamodzi ndi eni dziko pa nthawi yobvuta.

Mafunso
1. Cifukwa ninji anamucha Cipembere?
2. Kodi anali kugwira nchito yanji ku Lusaka?