Kaundula wa odwala: seva imodzi kapena zambiri?

Munthu amene amalandira ma ARV pachipatala cha Muloza, kumalire a Mulanje ndi Mozambique, akapeza ganyu ku Limbe amangonyamula kabuku kake kakuchipatala n'kukwera minibasi. Vuto limabwera kabukuko kakatayika. Ku Limbe atha kumulemba ngati wodwala watsopano, pomwe ku Muloza akumuyesa kuti adathawa mankhwala.

Gwero la chisokonezochi ndi momwe makompyuta akuluakulu osunga kaundula, otchedwa maseva, amauzirana zomwe zalembedwa. Akatswiri amasankha pakati pa njira ziwiri.

Yoyamba ndi kukhala ndi seva imodzi kulikulu, zipatala zonse n'kumalemba momwemo kudzera pa intaneti. Kaundula amakhala mmodzi, koma netiweki ikaduka ntchito imaima odwala ali pamzere. Anthu a ku Mulanje sangaiwale Malichi 2023, pomwe namondwe wa Freddy adakokolola milatho ndi kugwetsa mapolo a magetsi.

Yachiwiri ndi yoti chipatala chilichonse chikhale ndi seva yakeyake, n'kumatumiza kulikulu zomwe zasintha netiweki ikapezeka. Apa ntchito siima, koma makaundula amatha kusemphana kwa kanthawi, ndipo zipatala ziwiri zingathe kupereka nambala imodzi kwa anthu awiri.

Bungwe la Baobab Health, lomwe mu 2001 lidayamba kulemba odwala pakompyuta pachipatala chachikulu cha Lilongwe, lero Kamuzu Central, lidatsata njira yachiwiriyi. Pofuna kuti manambala asafanane, lidakonza zoti seva yakulikulu izigawiratu manambala ku zipatala, chilichonse mulu wakewake. Nambalayo imasindikizidwa pakapepala komata pakabuku ka wodwala. Mu 2019 ntchito yoyang'anira makinawa idapita m'manja mwa bungwe la EGPAF.

Nayo nthambi ya boma ya National Registration Bureau idachita chimodzimodzi pakalembera wa ziphaso za unzika mu 2017. Makina 2,000 oyendera mphamvu ya dzuwa adalemba anthu oposa 9 miliyoni m'midzi, ndipo zonse zidakasonkhanitsidwa kulikulu komwe adafananiza zidindo za zala kuti apeze olembetsa kawiri.

Choncho kumalo komwe magetsi ndi netiweki sizidalirika, njira yachiwiri ndiyo imathandiza, bola pakhale lamulo lomveka lonena kuti makaundula akatsutsana, wokhulupirika ndi uti.

Komabe makina paokha sangathe zonse. Kuchipatala sajambula zala ngati pakalembera uja, ndiye mayi akalembetsa dzina la bambo ake ku Muloza, kenako la mwamuna wake ku Limbe, kompyuta imaona anthu awiri. N'chifukwa chake wodwala asanasamuke ayenera kutenga kalata yomusamutsa, kukulunga kabuku kake m'pulasitiki, ndi kutchula dzina ndi tsiku lobadwa lomwelo paliponse pomwe wapita.